Mlonda wa Pakhomo pa Amayi

Ntchito yanga ndi yotemera nkhuku. Musaseke. Katatu pachaka ndimanyamula kabotolo ka katemera wa chitopa, nditakakulunga m'kansalu konyowa m'kadengu kuti kasatenthe, n'kumayenda khomo ndi khomo kuyambira kwathu kuno kufupi ndi Mtakataka mpaka midzi ya kumtunda cha ku Mua. Ndimafika m'mamawa makola asanatsegulidwe. Mwini wake amagwira nkhuku, ine n'kudontheza dontho limodzi m'diso, nkhuku n'kuphethira, basi, bweretsani ina. Ntchito imeneyi inandiphunzitsa kuti munthu akakuuza kuti "zonse ndi zomwezi," iwe uzisuzumira kuseri kwa nkhokwe. Kumakhala thadzi lofungatira limene akuliopera, kapena tambala wa bambo wapakhomopo amene safuna kuti akhudzidwe. Ndiye anthu amati ndine wokayikira. Ee, ndine wokayikira, ndipo sindinapepesepo munthu pa chimenechi.

Abambo anamwalira m'dzinja lija kolona anavuta kwambiri. Anadwala masiku asanu okha. Maliro awo sanali maliro ayi. Thupi linabwera litamatidwa kale, linanyamulidwa ndi anthu ovala mapulasitiki thupi lonse, ndipo pofika masana manda anali atakwiriridwa. Panalibe kugona pasiwa, panalibe kuona nkhope. Amayi anaima patali pansi pa mtengo wa bwemba, atagwira nsonga ya chitenje chawo. Anthu a m'mudzi anapepesa ataima kumsewu, achibale akutali anapepesa pafoni.

Amayi anali ndi shuga, komanso mphumu imene inkawagwira nyengo yozizira iliyonse. Nditabwera kumanda tsiku limenelo ndinalumbira mumtima kuti matendawa andilanda mmodzi, koma wachiwiriyu ayi. Nyumba yanga ili pafupi ndi yawo, ndiye ndinadziika ndekha kukhala mlonda. Pakhomo ndinaika ndowa yampopi ndi sopo. Amayi ndinawapatulira kapu yawo, mbale yawo ndi mpando wawo wapakhonde. Mlendo aliyense ankakhala pa benchi pansi pa mango, n'kumalankhula mokweza. Kutchalitchi ayi, kumsika ayi, kuchigayo ayi. Adzukulu awo ndinawaletsa kukwera pakhonde sukulu zitatsegulidwa. Ine ndemwe, poti ndimayenda m'makomo mwa anthu, chakudya ndinkachiika pa katebulo n'kubwerera m'mbuyo.

Katemera wa anthu atabwera, mudzi wonse unadzaza mphekesera. Ena akuti ukabaya sudzabereka, ena akuti ufa pakatha zaka ziwiri, ena akuti ndi chizindikiro cha chilombo. Ine wokayikira chilichonse, ichi chokha sindinachikayikire, popeza katemera ndimayenda naye m'dengu. Ndinakabaya. Koma amayi anakana kwamtuwagalu.

"Ine si nkhuku yako," anatero.

Ndinawanyengerera milungu yambiri. Tsiku limene anavomera, titafika kuchipatala anatiuza kuti katemera watha paliponse, tidikire wina. Tinabwerera pa kabaza, aliyense pa yake, amayi akuseka kumbuyo kwanga kuti Mulungu wayankha yekha.

Nthawi imeneyo malamulo anali atayamba kufewa. Minibasi za mumsewu wa kunyanja zinayambanso kudzaza anayianayi pampando. Masiki inatsika kuchoka pamphuno kufika pachibwano, kenako inalowa m'thumba, n'kumatuluka pokhapokha kondakitala akati apolisi ali kutsogolo. Ndowa zapakhomo pa mashopu zinauma. Ina ndinaiona ndi maso anga akugulitsiramo mandasi. Mpira unabwerera, zikwati zinabwerera, ndipo pamsika anthu ankagwiranso chanza mpaka kugwedezana mapewa. Ukafunsa, aliyense yankho lake limodzi: zinatha zija.

Titakolola, achimwene anga aakulu, amene amaphunzitsa sukulu ku Lilongwe, anabwera ndi nkhani. Anakhala pa benchi ija monyinyirika, n'kunena kuti yakwana nthawi yoti abambo tiwamangire chiliza, pakhale Misa, ndipo achibale onse amene sanabwere pamaliro abwere adzapepese amayi mwamwambo.

"Onse?" ndinafunsa.

"Onse. A ku Lilongwe, a ku Blantyre, a ku Golomoti, ndi aja abwera kuchokera ku Joni."

"Achimwene, mwapenga? Mukufuna kuwunjika anthu onsewo pamaso pa munthu wa mphumu?"

Anaseka kuseka kwa aphunzitsi, kuja koti mwana wafunsa funso limene iwo analikonzekera kale. Anati ine sindimvera wailesi bwino. Pali chinthu chimene ophunzira akuchitcha chitetezo cha gulu. Anthu ambiri akadwala matenda n'kuchira, matendawo amasowa podumphira, ndiye ngakhale amene sanadwale amatetezeka chifukwa azunguliridwa ndi olimba. Anandikumbutsa za chifuwa chija chinayenda nyumba ndi nyumba m'dzinja, anthu osamva fungo la utaka, n'kunena kuti ameneyo anali kolona, tonse tinadwala kale osadziwa.

"Amayi ali pakati pa mpanda," anatero. "Mpanda wake ndi ifeyo."

Koma abale, kundiuza ine zimenezo! Ndinawauza kuti chinthu chimenecho ndimachidziwa kuposa wailesi yawoyo. Mudzi umene pafupifupi nkhuku zonse zalandira dontho, inde, ngakhale kamwanapiye kamene ndinakaphonya kamapulumuka. Zimenezo ndaziona. Koma mudzi umene chitopa changodutsa chokha ndi nkhani ina. Zotsalazo zimalimbadi, koma mumawerenga zotsala zokha, zam'dzala simuziwerenga. Komanso ndani anayenda khomo ndi khomo kuona kuti wadwala ndani ndipo sanadwale ndani? Ine nkhuku zanga ndimazigwira imodziimodzi. Inu gulu lanulo munaligwira liti? Ndipo mudzi sukhala wotseka. Lero nkhuku zalimba, mawa wina wafika ndi yake yomangidwa pa hendulo ya njinga.

"Anthu si nkhuku," anatero achimwene.

"Nkhuku zili bwino, sizinama."

Tinakangana mpaka mawu anakwera. Amayi anali pampando wawo pakhonde akusola ulusi wa chitenje, ndipo tinaiwala zoti akumva. Anakhosomola pang'ono, ife n'kutembenuka.

"Mwanawe," anandiitana ine, "amene ali kumandako ndi mwamuna wako kapena wanga?"

"Ndi wanu, amayi."

"Anakwiriridwa ngati mbuzi yofa yokha. Ine ndinalirira anthu m'mudzi muno zaka zonsezi, ndagona pansi m'masiwa a anthu mpaka msana uwu unapindika. Maliro n'kulirana. Anga sanandilire munthu. Aitaneni abwere."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinagonja, koma ndinagonja ndi malamulo anga. Amayi adzakhala pakhonde pa mkeka, opepesa adzaima pansi pa masitepe, adzaomba m'manja ali pomwepo, chanza ayi. Aliyense adzasamba m'manja ine ndikuona. Wa chifuwa adzabwerera pamsewu. Achimwene anati chabwino, a bwana, n'kupita kukagula simenti.

Kutatsala tsiku limodzi, anafika amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi wa bere limodzi, amene anakwatiwa ku Golomoti. Anatsika pa kabaza atafunda nsalu ziwiri, m'khwapa atapanira msoti wakuda womangidwa miyendo, mphatso ya pamwambo. Amayi aang'onowa pamaliro a abambo sanabwere, ana awo anawaletsa. Ndipo mukudziwa mmene pakamwa pa anthu pakhalira. Miyezi yonseyo kunali manong'onong'o kumjigo: mlamu wake wamwalira, iye osaoneka ngakhale tsiku limodzi, kodi akudziwapo chiyani? Mawu amenewo anawafika. Kwathu kuno kusowa pamaliro a mbale wako kamodzi anthu amakuyang'ana cham'mbali, kawiri amakutchula dzina loipa.

Ine nditangoona msotiwo, maso anga onse anapita pamenepo. Chitopa nthawi zambiri sichibwera ndi wamalonda, chimabwera ndi mbale, chitanyamulidwa mwaulemu. Ndinaulanda tisanamalize n'kupatsana moni komwe. Ndinautsegula kukamwa, ndinayang'ana m'maso, ndinakweza nthenga zakumbuyo kuona ngati ukutsegula m'mimba, ndinauika pansi kuti ndione ngati ukugwetsa mapiko. Unali bwinobwino. Komabe ndinauvundikira ndi dengu kuseri kwa bafa, kutali ndi khola, ndipo ndinadzitama mumtima kuti ine sandipusitsa. Pamene ndinkabwerako, amayi aang'ono anali atasamba m'manja pa ndowa, atakhala kale pakhonde pambali pa mkulu wawo.

Ndinaima kaye. Koma ndinaganiza kuti namfedwa sakhala yekha pa mkeka, payenera kukhala mzimayi mnzake pambali, womutunga madzi ndi kumuyankhira opepesa. Ine ndikhala pa ndowa, ndiye akhala ndani? Komanso amenewa ndi athu, munthu wa kumudzi, wa kumunda ndi kutchalitchi basi, minibasi amakwera kamodzi pachaka. Ankanunkhira jinja ndi ndimu ndi masamba a bulugamu, koma masiku amenewo ndani sankanunkhira zimenezo? Ankayankhula pang'ono, atatseka pakamwa ndi nsonga ya nsalu, monga amachitira munthu wachisoni. Ndinati aiwo, asiyeni. Anagona m'chipinda chimodzi ndi amayi masiku atatu.

Tsiku la mwambo ndinalondera ngati galu wa kwa mwenye. Anthu anachuluka kuposa mmene ndinkaopera, magalimoto anaima mpaka pa mlambe wa kumsewu. Diso langa linali pa a m'tauni. Alamu anga, akazi a achimwene, anafika ndi kabotolo kawo kopopera m'manja, ine ndinati ayi, pano ndi sopo. Msuweni wathu wa ku Joni, wa jekete lachikopa, ndinamukhazika kutali pansi pa nsangu ngati wakhate, ndipo mpaka lero sandiyankhula bwino. Mkulu wina wa kwawo kwa abambo anangoti kho kamodzi, ine ndafika kale. Anandionetsa fodya wachingambwe ali kuseri kwa khutu, nati mwananga, chifuwa ichi n'chachikulu kuposa iwe. Ndinamubweza ndithu kumapeto kwa mzere. Azimayi ophika ankandinena ndikumva, akuti taonani apolisi a kolona, angotsala chipewa.

Ndipo zinayenda monga ndinafunira. Opepesa ankafika pansi pa masitepe, azimayi n'kugwada, azibambo n'kunjuta, kuomba m'manja, pepani, pepani. Amayi ankavomera ndi mutu, misozi ikutsika. Pa anthu onsewo palibe ndi mmodzi yemwe amene anawagwira dzanja, ndinaonetsetsa. Misa inachitika kumanda, nsalu inavundukulidwa, dzina la abambo linaoneka pamwala. Amayi anayang'ana nthawi yaitali, nati tsopano wagona. Madzulo ake achimwene anandimenya paphewa, akuti waona, dziko silinathe. Ine ndinati tidikire milungu iwiri.

Sitinafike milungu iwiriyo. Patapita masiku anayi alendo atabalalika, amayi anandibwezera ndiwo akuti ndaiwala mchere. Ndinalawa, mchere unalimo, wambirinso. Mawa lake anati tiyi sakununkhira. Mkuja wake thupi linatentha, ndipo ankapuma ngati munthu wakwera phiri la Dedza ndi mtolo pamutu.

Tsiku lomwelo inalira foni. Anali mwana wamkazi wa amayi aang'ono, akufunsa ngati kwathu kuli bwino, chifukwa mayi ake agonekedwa m'chipatala. Ndinamupanikiza ndi mafunso monga ndimachitira ndi eni nkhuku, mpaka anaulula. Mayi ake anayamba kutentha thupi kutatsala masiku atatu kuti abwere kwathu. Ana anawaletsanso, koma iwo anati kachiwiri ayi, ndikapanda kupita adzati ndine mfiti. Anadzifukiza bulugamu, anameza panado, ena anamanga pa mfundo ya chitenje, ndipo chifuwa chikawagwira ankapita kuchimbudzi kukakhosomolera kumeneko. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, timatero, koma iyi inalowa ndi manyazi ake kuuna kwa mnzake.

Ndinaimbira achimwene nditapsa mtima. Ndinati mpanda wanu uja uli kuti? Anati koma pa wailesi ananena. Ndinati wailesiyo ibwere idzawapumire amayi. Iwonso anapsa mtima, nati ukudziwa bwanji kuti ndi amayi aang'ono, iweyo suyenda m'makomo mwa anthu ndi kadengu kako? Mawu amenewo anandibaya, ndipo sindinawazule mpaka lero, chifukwa zoona zake palibe anayeza kuti matendawo analowera khomo liti. Koma anatumiza galimoto ya mnzawo wa pa Mtakataka kuti idzatitengere kuchipatala cha ku mishoni.

Unali m'mawa, dzuwa litangotentha pang'ono. Amayi anatuluka okha, pang'onopang'ono, n'kukhala pa mkeka pakhonde atatsamira khoma. Ine ndinaima pansi pa masitepe, masiki kumaso, chikwama cha zovala zawo m'manja, ndikutukwana. Ndinatukwana amayi aang'ono, ndinatukwana azimayi a kumjigo ndi malilime awo, ndinadzitukwana ndekha kuti ndinayeza nkhuku n'kusiya munthu.

"Anatibisira, amayi. Munthu wamkulu ngati amene uja! Anadziwa kuti akudwala, n'kudzagona pambali panu. Ndikadzawaona ine..."

Amayi anakweza dzanja kuti ndileke. Anadikira mpweya ubwere.

"Sanandibisire," anatero. "Ndinadziwa."

"Munadziwa chiyani?"

"Atangokhala pansi apa. Anandigwira mkono, dzanja lili ngati mbaula. Ndinamufunsa, anandiuza zonse. Anati akulu, ndibwerere? Ndinati khala."

Ndinafunsa kuti chifukwa chiyani, chifukwa chiyani simunandiitane, ine ndili pomwepa kuseri kwa bafa?

"Ukanamuthamangitsa."

"Inde ndikanawathamangitsa! Si ndiye ntchito yake?"

Anandiyang'ana popanda mkwiyo, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipweteka kwambiri. Ankalankhula modukizadukiza, mawu awiri, kupuma, mawu atatu.

"Mwanawe, wandisamala. Sindikukana. Koma chichokereni abambo ako, palibe munthu anandikhudza. Ngakhale mdzukulu. Ngakhale iwe. Chakudya umandiikira patali ngati ndiluma. Mng'ono wanga anandipesa tsitsi. Anandisisita msana pamene pamawawa paja. Tinafunda bulangete limodzi ngati tili ana. Ndinati kaya, zikhale mmene zikhalire."

Ndinafuna kuyankha, poti pakamwa panga sipasowa yankho. Ndinafuna kunena kuti katemera wina anali pafupi kubwera, kuti mukanangopirira mwezi umodzi kapena iwiri. M'malo mwake ndinaika chikwama pansi, ndinakwera masitepe atatu aja, n'kukhala pa mkeka. Ndinatenga dzanja lawo. Linali lotentha, lopepuka, zikhadabo zitakula chifukwa maso awo sankaona bwino kuti azidziwenga okha, ndipo ine sindinadziwe zimenezo miyezi yonseyo. Anatsamira mutu paphewa langa. Ndinamva chifuwa chawo chikulira mkati. Tinakhala choncho mpaka galimoto inaimba hutala kumsewu.

Kuchipatala anawayeza, anawapeza nawo, anawalowetsa m'chipinda cha okhaokha chimene odikirira odwala saloledwa. Anamwino anayesetsa, ndipo tsiku lililonse ankatuluka kudzandiuza mmene agonera. Ndinakhala panja pa udzu masiku asanu ndi atatu. Amayi aang'ono anachira. Amayi sanatuluke.

Anthu akandifunsa lero ngati gulu lija linafika polimba, ndimati kaya, mwina linafika, poti tsopano palibe akuzitchulanso. Achimwene amati ndinkanena zoona ine. Zoona zimenezo sindizifuna. Ndinawasunga amayi anga amoyo miyezi isanu ndi umodzi, ndipo m'miyezi yonseyo ndinawagwira dzanja kamodzi, podikira galimoto.